Thengo la ku Meluluca linali midzi

Mlendo akafika ku Meluluca atapachika magalasi oonera mbalame m'khosi, sachedwa kunena mawu amene alendo ambiri a gombe lino amanena, akuti kuno dziko likadali monga analisiyira Namalenga. N'kovuta kumudzudzula. Kum'mwera kwa Metangula, m'boma la Lago ku Mozambique, mapiri odzaza mitengo ya mombo, misuku ndi milombwa amatsetsereka mpaka kukagwera m'nyanja. M'mamawa mwera usanadzuke, nkhwazi imatera pansonga ya mtengo wouma, n'kuponya mutu chagada polira, inzake n'kuyankha kutsidya kwa dooko. Mphipi zimayanika mapiko pamiyala imene inayera ndi zitosi zawo, akakowa akuyenda monyang'ama m'mphepete mwa bango. Munthu wozolowera gombe la Mangochi kapena la Salima, kumene mahotela ndi mipanda zinatseka njira za kumadzi, akaona zotere amayamba kuganiza za paki: kuti pakadulidwa kachigawo, pakamangidwa chipata, alonda n'kuvala yunifolomu, zokongolazi zidzakhalapo mpaka kalekale. Maganizowa ndi a mtima wabwino, koma atsamira pa kusadziwa mbiri. Malo ambiri amene lero akuoneka opanda munthu kuno ndi mabwinja, ndipo aliyense wofuna kusunga mbalame ndi nyama za m'dera lino ayenera kuyamba wafunsa chimene chinasamutsa eni ake.

Tiyambe ndi mboni imene inalemba zomwe inaona. Mu Ogasiti 1866 David Livingstone anatsika kuchokera ku Mwembe, kwa Mfumu Mataka, n'kufika pagombe lakum'mawali. Ankafuna kuolokera ku Nkhotakota, ndipo dooko loolokera linali Losewa, malo amene masiku ano amalembedwa Lussefa, kufupi ndi Meluluca. Zombo zinalipo, za Aluya ogwirizana ndi Jumbe wa ku Nkhotakota, koma eni ake sanafune kunyamula mzungu wodana ndi malonda awo, moti Livingstone anachita kuzungulira nyanja wapansi cha kum'mwera. Zombozo zinkaolotsa anthu ogwidwa ukapolo ndi minyanga ya njovu pa ulendo wa ku Kilwa. Kutanthauza kuti gombe limene lero tikuliyesa kumathero a dziko linali pa msewu waukulu wa malonda, ndipo njovu za kuno zinayamba kuphedwa mwaunyinji agogo a agogo athu ali ana. Njira yomweyo inadzera mfuti, nsalu ndi Chisilamu chimene mabanja ambiri a ku Meluluca amatsata. Kuchokera kumpoto nakonso kunkabwera Angoni otchedwa Magwangwara, odzalanda chakudya ndi anthu. Mmishonale William Percival Johnson, amene anafika panyanjayi mu 1882 n'kuyendayenda m'midzi yake kufikira imfa yake mu 1928, anapeza anthu atapanikizana m'malinga m'mphepete mwenimweni mwa madzi, bwato lili chire pokonzekera kuthawa. Mapiri anayamba kukhala opanda utsi wa moto wa pakhomo nthawi imeneyo, ndipo chinawakhuthula ndi mantha.

Atsamunda atabwera, kusamuka kunangosintha chifukwa. Dera lonse la Mozambique la kumpoto kwa mtsinje wa Lúrio linaperekedwa kwa kampani yotchedwa Companhia do Niassa, imene inalamula mpaka 1929, ndipo chuma chake chenicheni chinali msonkho wa nyumba ndi thukuta la anthu ogwira ntchito yokakamiza. Mabanja ambiri anapalasa mabwato kuolokera ku Nyasaland. Kenaka inadza nkhondo ya ufulu. Mu Sepitembala 1964 asilikali a Frelimo anathira nkhondo ofesi ya boma ku Cobué, kumpoto kwa boma lomweli, ndipo Apwitikizi anasandutsa Metangula, imene ankaitcha Augusto Cardoso, likulu la asilikali awo a pamadzi. Maboti ankhondo anachita kubwera nawo pamtunda kuchokera kunyanja ya mchere, pasitima ndi pamalole. Pofuna kuti kumapiri kusatsale wopatsa Frelimo ufa, anasonkhanitsa anthu m'midzi yokakamiza yotchedwa aldeamento, yolonderedwa ndi mfuti. Okana anathawira kuthengo, ku Tanzania, ku Likoma ndi kumtunda kwa Malawi. Wansembe wa Anglican John Paul, amene anali pa mishoni ya Messumba zaka zimenezo, analemba buku lofotokoza zomwe zinagwera anthu a m'gombe, ndipo linatuluka mu 1975. Ufulu wa chaka chomwecho sunabwere ndi mtendere wokhalitsa. Nkhondo ya Renamo ndi boma inabalalitsanso anthu, moti pofika pangano la ku Rome la pa 4 Okutobala 1992, Malawi yekha ankasunga othawa kwawo oposa miliyoni imodzi. Kuchokera pa zombo za ku Losewa kufika chaka chimenecho ndi zaka zoposa 120, ndipo m'zaka zonsezo n'kovuta kupeza m'badwo wa gombe lino umene sunamangepo katundu usiku.

Mbiri imeneyi ikumasulira chinthu chimene woonera mbalame amadabwa nacho: mitengo ilipo yambiri, mbalame zili mbwee, koma nyama zikuluzikulu n'zosowa. Thengo lachikhalire silikhala choncho. Nkhondo ikathamangitsa mlimi, munda umabwerera kutchire posakhalitsa, poti zitsa za mombo sizifa, zimaphukira. Koma nkhondo yomweyo imaika mfuti m'manja mwa anthu anjala, ndipo msilikali wobindikira m'phiri miyezi yambiri amadya mphalapala, ngoma ndi njati. Nkhwazi palibe anaitayira chipolopolo. Zinatsala ndi zodziwa kubisala kapena zosadyedwa: anyani, apusi, agwape, akatumbu a m'miyala, ng'ona za kumathiriro a mitsinje, ndi nguluwe, zimene Msilamu sadya koma zimamudyera chinangwa chake usiku ndi usiku. Umboni wina ndi mango. Mtengo wa mango sumera mwachisawawa pakati pa mombo, ndipo ukaupeza kuphiri pamodzi ndi nkhadze zoyenda mumzere kapena mapale a mbiya ndi mphero yosweka, dziwa kuti pamenepo panali khonde la munthu. Kwa mlendo ndi mthunzi wopumirapo. Kwa nkhalamba ya ku Meluluca ndi kwa ambuye awo a uje, ndipo manda sali patali. Pakati pa Anyanja ndi Ayao, kumene mbumba imatsata kuchikazi ndipo malo amakumbukiridwa ndi dzina la amene anayamba kuswapo mphanje, bwinja silitha umwini chifukwa choti pamera mitengo.

Mu 2011 boma la Mozambique, mothandizidwa ndi bungwe la WWF, linalengeza mbali ina ya nyanja ya Niassa kukhala malo otetezedwa, mahekitala pafupifupi 47,800, ndi chigawo china choyandikana nawo cha mahekitala 89,300. Chaka chomwecho dera la mahekitala oposa 1.3 miliyoni, madzi ndi mtunda womwe, linalowa m'kaundula wa pangano la Ramsar losamala madambo ndi nyanja. Dzina la malowa m'Chipwitikizi lili ndi mawu akuti parcial, kusonyeza kuti chitetezo chake n'chambali: anthu sachotsedwa, usodzi suletsedwa wonse, koma pamaikidwa madera ndi nyengo zoletsa. Ena amawaona mawuwa ngati kufooka kwa boma losauka lomwe linalephera kupanga paki yeniyeni. Ine ndikuti ndiwo mawu anzeru koposa m'chikalata chonsecho, kaya olembawo ankaganizira mbiri kapena ankangowerengera ndalama. Anthu amene anasamutsidwa ndi Magwangwara, ndi kampani, ndi Apwitikizi, ndi Renamo, sangalandire kusamutsidwa kwachisanu ngati chitukuko, ngakhale wowasamutsayo atanyamula buku la mbalame. Ndipotu kapaki kakang'ono ka kum'mwera kwa nyanja yomweyi, Lake Malawi National Park, kokhazikitsidwa mu 1980 pa masikweya kilomita 94 n'kulandira ulemu wa UNESCO mu 1984, sikanachotse anthu. Midzi monga Chembe, Msaka, Mvunguti ndi Zambo inatsala mkati, ndipo choletsedwa chinali kusodza pa mamita 100 kuchokera kugombe la paki. Mbuna, tinsomba tamawangamawanga timene tinabweretsa ulemuwo, sitipita kutali ndi miyala imene tinabadwirapo, choncho kamzere kopapatiza kotero kamagwira ntchito. Pamene pakiyo inalowerera moyo wa pakhomo, monga pa nkhani ya nkhuni za amayi a ku Chembe, m'pamene pakhala kukokanakokana zaka zonsezi.

Wotsutsa woyamba ndi amene amaidziwa nyanja, ndipo mawu ake ndi olemera. Iye akuti anthu amene mukuwaikira kumbuyowo ndi omwe akumaliza nsomba. Zoona zilipo. Usiku wopanda mwezi pamadzi pamaoneka ngati tauni yoyandama. Siginala amakhala m'bwato lake ndi nyale, maso ali pansi, kudikira kuti usipa uunjikane pa kuwalako. Akakhutira amaitana, maboti awiri n'kuzunguliza chilimira, alovi n'kuyamba kukoka zingwe mpaka zikhatho kuchita matuza. Kukacha usipa uli waliwali pamathandala, ogula atafika kale ndi zidebe zoyezera. Chilimira pachokha si tsoka lalikulu, poti usipa umaswana msanga ndipo sukhala zaka zambiri. Tsoka ndi neti ya udzudzu yosokeredwa kuthumba la ukonde kapena yokokedwa m'madzi osaya momwe chambo chimalerera ana, komanso mabiyo otseka mtsinje wonse pamene mpasa ndi sanjika zikukwera kukaswana. Ku Malawi chambo chinachepa anthu akupenya, ndipo ku Malombe chinangotsala pang'ono kutheratu kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Koma tifunse kuti angaletse neti ya udzudzu ndani pagombe lalitali chonchi, pakati pa usiku. Alonda khumi a boti limodzi lopanda petulo sangathe. Yankho lilipo tsidya lina, pa chilumba cha Mbenji ku Salima. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950 ufumu wa Makanjira umatseka chilumbacho nyengo ya dzinja, n'kuchitsegula ndi mwambo mvula ikatha. Mowa, njuga ndi kusodza ndi nyale n'zoletsedwa, ndipo woswa lamulo amapitikitsidwa pachilumbapo. Utaka wa pa Mbenji ukadali wotchuka mpaka lero. Lamuloli lakhala zaka zoposa 60 chifukwa wolilondera ndi msodzi mnzako amene amadziwa bwato lako, mkazi wako ndi mwini mbumba wako. Ku Mozambique kuli makomiti a asodzi ovomerezeka ndi boma, otchedwa Conselhos Comunitários de Pesca, ndipo mphamvu zawo zimathera pamene pathera mawu a mfumu ndi a shehe.

Wotsutsa wachiwiri amaloza ku Liwonde. Pakiyo, ya masikweya kilomita 548, inali itadzaza misampha pamene bungwe la African Parks linaitenga mu 2015. Anamanga mpanda wamagetsi, anazula makhwekhwe ankhaninkhani, anabweretsa mikango mu 2018, ndipo njovu zinachuluka mpaka zina kusamutsidwira ku Nkhotakota. Palibe angakane kuti mpanda unagwira ntchito kumeneko, ndipo alimi oyandikana nawo anapumako ku njovu. Koma chuma cha Liwonde chimayenda ndi miyendo inayi pamtunda. Cha ku Meluluca chimasambira ndi kuuluka. Usipa umatsata chakudya chake kuchokera gombe lina kufika linzake osadziwa kuti malire a Malawi ndi Mozambique ali pati, ndipo anamzeze ena amene amadya nkhungu pamwamba pa madzi nthawi ya dzinja amachokera ku Ulaya. Choteteza zolengedwa zotere ndi khalidwe la anthu a m'midzi yonse ya m'gombe. Kulengeza malo papepala nakonso sikukwanira. Nkhalango yotetezedwa ya Niassa, kum'mawa kwa chigawo chomwechi, ndi ya masikweya kilomita oposa 42,000, koma njovu zake zinatsika kuchoka pa pafupifupi 12,000 mu 2011 kufika pa zosakwana 4,500 mu 2014. Palinso nkhani ya malo imene anthu a ku Lago sanaiiwale. Lamulo la malo la Mozambique la 1997 limavomereza umwini wa midzi motsata mwambo, komabe pamene makampani a mitengo ya paini ndi bulugamu monga Chikweti analandira malo aakulu m'maboma a Lago, Sanga ndi Lichinga, panabuka mikangano yoti malo otchedwa ogonera anali minda yopumitsidwa. Munthu wa ku Meluluca akamva kuti phiri lake ndi lopanda ntchito kapena lopanda munthu, amadziwa chotsatira.

Pa za ndalama za alendo sindichedwapo. Kumpoto, cha ku Cobué, midzi yoposa khumi inagwirizana kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 kupatula thengo lawo pansi pa dzina la Manda Wilderness, mogwirizana ndi malo ogona alendo a Nkwichi, ndipo panatuluka masukulu ndi ntchito. Malamulo a dziko amatinso magawo 20 pa 100 a misonkho ya nkhalango ndi nyama azibwerera kumidzi. Zonsezi n'zabwino, koma alendo ofika gombe lino m'chaka sangadyetse ngakhale dooko limodzi. Ofufuza amene ofesi ya kazembe wa Sweden inawatuma ku Lago, Majune ndi Cuamba chaka ndi chaka kuyambira 2011 mpaka 2015 ankakhala ku Meluluca komweko, ndipo malipoti awo anasonyeza kuti ndalama za m'mudzi zimachokera m'madzi. Mwana wa kuno amavala ndi kuphunzira ndi usipa. Wouza makolo ake kuti apachike ukonde podikira woonera mbalame ndiye kuti akuwatayitsa chomwe chili m'manja pothamangira chouluka.

Komabe mbalame zili ndi gawo lake, ndipo mbiri ya chigawo chino ikuonetsa amene amazidziwa. Kumapiri a Njesi, kumpoto kwa Lichinga, kuli kambalame ka m'nkhalango zowirira kamene akatswiri amakatcha Artisornis sousae, ndipo sikapezeka kwina kulikonse padziko kupatula mapiri a kuderali. Anakapeza mu 1945 ndi Jali Makawa, munthu wobadwira ku Mozambique koma wogwira ntchito ku Nyasaland, amene ankathandiza katswiri wa mbalame Constantine Benson. Makawa ankazindikira mbalame ndi khutu, ankatha kuiitana poyeserera kulira kwake, ndipo anayenda ndi Benson mpaka kuzilumba za Comoros mu 1958. Kambalameko kanapatsidwa dzina la mkulu wina wa boma la Apwitikizi, ndipo panapita zaka 56 akatswiri asanakaonenso, kufikira Peter Ryan ndi Claire Spottiswoode atakwerako mu 2001. Nzeru ya mtundu wa Makawa siinathe. Msodzi amadziwa kuti mbalame zikamazungulira ndi kugwera malo amodzi pakati pa nyanja, pansi pake pali usipa. Mayi wopita kumadzi amadziwa chisa chachikulu cha nantchengwa, ndipo ana amaletsedwa kuchiphwasula. Wina anganene kuti anthu omwewa amatchera nkhanga ndi nkhwali, anyamata amapha timba ndi malegeni, ndipo moto wa chilimwe umanyeketsa zisa. N'zoona, ndipo sindikuwayeretsa. Chimene ndikunena n'chakuti maso amene amadziwa kumene nkhwali imagona ndi omwewo angawerenge kuti zatsala zingati, ndipo kuwalemba ntchito n'kotsika mtengo kuposa kuwalondera.

Akasupe a madzi otentha akuphunzitsa zomwezo mwa njira yawoyawo. Nyanja ino ili m'chigwa chimene chinapangika nthaka itang'ambika, n'chifukwa chake imazama mpaka mamita pafupifupi 700 ndipo zivomerezi sizisowa, monga cha ku Salima mu Malichi 1989 ndi za ku Karonga mu Disembala 2009. Madzi a mvula amalowa m'ming'alu ya miyala, amatsika kukafika kumene pansi pamatentha, kenaka n'kubwerera kumtunda akufuka nthunzi. Akatswiri a miyala anawerenga akasupe otere osachepera 38 m'Mozambique, ndipo pakati pa malo amene anawapatsa chidwi kwambiri pali gombe la kumpoto pang'ono kwa Metangula, kumene kunamveka za madzi obwadamuka m'mphepete mwa nyanja. Ofuna magetsi ochokera ku kutentha kwa pansi analemba kale Metangula pa mndandanda wawo. Tsidya lina kuli Chiweta ku Rumphi, kumene madzi amafika madigiri pafupifupi 80, ndi Mawira ku Nkhotakota. Pa Mawira m'mawa wa Juni, mwera ukuzizira, nthunzi imakwera ngati pali ophika mowa. Amayi amachapa pamiyala, ana amasamba kumunsi kumene madzi azizirako, okalamba a nyamakazi amaviika miyendo, ndipo aliyense amadziwa malo ake ndi nthawi yake popanda chikwangwani. Kasupe wotere akangotchingidwa n'kuikidwa mtengo wolowera, mlendo amapeza bafa labwino, mudzi n'kuyamba kudula nkhuni zotenthetsera madzi amene kale unkawapeza aulere, ndipo nkhunizo zimachokera m'thengo lomwe mbalame zimagonamo.

Chigwa chomwechi chimasunga mbiri yakale kuposa ya anthu. M'miyala ya kumtunda kwa Metangula ofukula mafupa anapeza chigaza cha kanyama kamene kanakhalako zaka zoposa 250 miliyoni zapitazo, nyanja isanabadwe. Atakalengeza mu 2013 anakatcha Niassodon mfumukasi. Mbali yachiwiri ya dzinalo anaitenga m'chilankhulo cha eni dera, polemekeza amayi amene mbumba za kuno zimawerengedwera kwa iwo.